Dr. B. R. Ambedkar: Mwana Amene Anakanizidwa Madzi

Anthu a ku Katete, ku Sinda ndi ku Vubwi amadziwa dziko la India cifukwa ca Amwenye a m'masitolo a pa Katete ndi ku Chipata, ndipo ophunzira anamvako dzina la Gandhi. Koma alipo munthu wina wa dziko lomwelo amene mbiri yace iyenera kumveka pakati pa aphunzitsi, pakuti inayambira m'cipinda ca sukulu.

Bhimrao Ambedkar anabadwa pa 14 April, 1891, ku Mhow, ndipo anali wotsiriza mwa ana 14. Atate ace, Ramji Sakpal, anali msilikali wa udindo m'gulu la nkhondo la Angerezi, naphunzitsanso pa sukulu ya asilikali. Banjali linali la mtundu wa Mahar. Tsono pakati pa Ahindu anthu agawidwa m'magulu monga mwa kubadwa kwao. Pamwamba pali a Brahmin, ndiwo a fuko la ansembe, ndipo pansi pa onse panaikidwa mitundu imene inayesedwa yodetsedwa, yosayenera kukhudzidwa. Amahar anali mwa apansiwo. Nchito yao m'midzi inali kusesa, kulonda ndi kukoka ng'ombe zakufa zokha. Anthu anaphunzitsidwa kuti wobadwa m'mtundu wotere alikulipira zoipa zimene anacita m'moyo wina asanabadwe, ndipo cotero palibe mlandu woti adandaule.

Pa sukulu ya ku Satara mnyamatayo anakhala payekha, pa saka limene anabwera nalo m'mawa nabwerera nalo madzulo, popeza wosesa sakanalikhudza. Mphunzitsi wa kumudzi adziwa ana okhala pa masaka ndi pa njerwa posowa mabenci. Koma kumeneko onse akhala pamodzi, ndipo denga likadontha anyowa onse. Za Bhimrao zinali zina. Akamva ludzu sanaloledwe kudzitungira madzi. Anadikira mesenjala wa sukulu kuti amthirire m'kamwa ali patali, ndipo tsiku losabwera mesenjalayo mwana anaweruka osamwa kanthu.

Komabe panali mphunzitsi mmodzi, wa fuko la Brahmin, amene anamkonda, namgawira cakudya cace, namlemba m'buku la maina ndi dzina la iye mwini, ndilo Ambedkar. Pambuyo pace banja linasamukira ku Bombay, kumene Bhimrao anakhoza mayeso otsiriza a sukulu yaikuru mu 1907, cinthu cacilendo kwa Mmahar. Pa phwando lomkondwerera, mphunzitsi wina, K. A. Keluskar, anampatsa buku la moyo wa Buddha limene analemba yekha m'cinenero ca Marathi. Mphatsoyo inali yaing'ono, koma zipatso zace zinaoneka patapita zaka pafupi 50.

Mfumu ya ku Baroda inamlipirira maphunziro. Mu 1913 anapita ku Columbia University, ku New York, pambuyo pace ku London, kumene anaphunzira za cuma ndi za malamulo. Koma pobwera ku Baroda mu 1917 kudzagwira nchito m'boma, amesenjala anamponyera makalata pa gome kuopa kumkhudza, ndipo nyumba yogona inamsowa. Akuru amene anagula nyama pa zenera m'masiku a Northern Rhodesia adzazindikira ululu wace: ndalama zako zilandiridwa, koma iwe mwini ai.

Nkhondo yace yoyamba inali ya madzi. Mu March, 1927, anatsogolera khamu la anthu ace ku dziwe la Chavdar, m'mzinda wa Mahad, kumene ng'ombe zinkamwa koma Amahar analetsedwa. Iye anawerama, namwa. Anthu ace anamenyedwa tsiku lomwelo, ndipo eni mzinda anathira ndowe ndi mkodzo wa ng'ombe m'dziwemo kuti aliyeretse. Mlandu unatha zaka 10 m'mabwalo asanaupambane. Mu 1930 anayesa kutsegulira anthu ace kacisi wa Kalaram ku Nasik, koma zitseko zinakhalabe zotseka. Ndi Gandhi sanamvane: Gandhi anafuna kufewetsa mitima ya Ahindu, pamene Ambedkar anaona kuti tsinde la nthendayo liri m'ciphunzitso comwe. Pa 13 October, 1935, ku Yeola, analengeza kuti ngakhale anabadwa Mhindu, sadzafa ali Mhindu.

Pamenepo Asilamu, Akristu ndi Asikh anamuitana, ali yense kwace. Iye sanafulumire, pakuti anaona kuti tsankho la mitundu linalowa ngakhale m'mipingo ina ya ku India, ndiponso sanafune kuti anthu ace ayesedwe alendo m'dziko lao. Zinapita zaka 21 asanasankhe.

Pakati pa zakazo India analandira ufulu mu 1947, ndipo Ambedkar anakhala nduna yoyamba ya malamulo ndi mkuru wa bungwe lolemba malamulo akuru a dziko. Malamulowo anayamba kugwira nchito pa 26 January, 1950, ndipo ndime ya 17 inathetsa mwambo woyesa munthu wosakhudzika. Mu 1951 anatula udindo pamene boma linazengereza ndi lamulo lopatsa akazi ufulu pa cuma ca masiye ndi pa kutha kwa ukwati. Apa anatsimikiza kuti lamulo likhoza kutsegula citsime, koma silingacotse kunyansidwa mumtima wa wotungapo, kapena manyazi mumtima wa wokanizidwa. Anabwerera ku buku la Keluskar.

Buddha anakhala ku India zaka za m'ma 500 Kristu asanabadwe. Ciphunzitso cace cinafala ku Ceylon, ku Burma, ku China ndi ku Japan, koma kwao kunatsala otsatira owerengeka. Kumbali zino cidziwika pang'ono cabe. Pafupi ndi Blantyre, ku Malawi, Abuda a ku Taiwan anamanga malo olerera ana amasiye ochedwa Amitofo Care Centre. Ambiri aciyesa cipembedzo ca amonke okhala cete, othawa za dziko. Ambedkar anaciwerenga mwa njira yina. Anaona kuti Buddha analandira m'gulu lace wometa tsitsi ndi wosesa pamodzi ndi ana a mafumu, nawapatsa ulemu monga mwa tsiku la kulowa kwao, si mwa kubadwa ai. Kubvutika kumene Buddha anakamba, Ambedkar anati ndiko umphawi ndi nkhanza zimene anthu acitirana okhaokha, zimene anthu omwewo akhoza kuzithetsa. Anakana kuti mwana abadwa wosauka cifukwa ca zoipa za moyo wina. Anakananso mbiri yodziwika yakuti Buddha anacoka ku nyumba yacifumu ataona nkhalamba, wodwala ndi mtembo. Iye analemba kuti anacoka cifukwa cokana nkhondo imene a mtundu wace anafuna kumenya ndi anansi ao polimbirana madzi a mtsinje wa Rohini. Amonke wace anayenera kukhala mtumiki wa anthu. Abuda ena ophunzira anadandaula kuti wasintha ciphunzitso, ndipo dandaulo lao siliri lacabe, pakuti anasiya zambiri zimene iwo azigwiritsa. Koma sanabise kuti alikufunira anthu ace cipembedzo ca moyo uno.

Pa 14 October, 1956, ku Nagpur, iye ndi mkazi wace Savita analowa Cibuda pamaso pa mmonke wokalamba, U Chandramani. Pomwepo anatembenukira khamu lobvala zoyera, loposa 300,000, naliwerengera malumbiro 22: kuleka milungu ya Ahindu, kuyesa anthu onse olingana, kusaba, kusanama, kusamwa mowa, ndi ena otere. Mu November anapita ku Kathmandu, kumene analinganiza Buddha ndi Karl Marx, nati onse awiri anafuna kuthetsa umphawi, koma njira ya Buddha iposa popeza siikhetsa mwazi. Anali atatha mphamvu ndi nthenda ya shuga, ndipo anamwalira ali m'tulo ku Delhi pa 6 December, 1956, asanathe miyezi iwiri ali Mbuda. Buku lace, The Buddha and His Dhamma, linasindikizidwa mu 1957.

Kutembenukako kunali ndi mtengo wace. Boma la India linasungira mitundu yapansi malo m'masukulu ndi pa nchito, koma olowa Cibuda anataya mwai umenewo kufikira 1990. Ngakhale cotero Abuda, amene mu 1951 sanafike 200,000, anaposa 3,000,000 mu 1961, ndipo kalembera wa 2011 anapeza oposa 8,000,000, ambiri a iwo m'dera la Maharashtra. Tsankho silinathe m'midzi, ndipo ena amenyedwabe cifukwa ca citsime. Caka ndi caka makamu asonkhana ku Nagpur pa malo a malumbiro aja, ochedwa Deekshabhoomi, ndipo m'mbali mwa njira muli mizere ya ogulitsa mabuku.