Daniel Kachamba

Daniel James Kachamba (1947 – 25 July 1987) anali woyimba komanso katswiri wa gitala wa ku Malawi, yemwe ambiri ankamutcha Dr. Daniel Kachamba. Amadziwika ndi nyimbo za kwela, zomwe oyimba a nthawiyo ankazitchanso jazi.

Ubwana wake

Anabadwira ku Limbe. Bambo ake, a James Kachamba, nawonso ankaimba gitala. Mu 1957 banjali linasamukira ku Salisbury, komwe pano ndi Harare, ndipo kumeneko Daniel anaphunzira maimbidwe a m'tauni ochokera ku South Africa. Linabwerera kumudzi kwa Singano, ku Chileka, mu 1961.

Ntchito yake

Daniel ndi mng'ono wake Donald, woimba chitoliro, anayambitsa gulu la Kachamba Brothers Band. Ankaimba m'misewu ndi m'maphwando pogwiritsa ntchito gitala, chitoliro, maseche ndi besi ya chingwe chimodzi. Mu 1967 Gerhard Kubik, wofufuza nyimbo wa ku Austria, anakumana nawo ku Blantyre n'kujambula nyimbo zawo, ndipo mu 1974 anatulutsa buku lofotokoza za gululi. Mu 1972 Daniel anakaimba ku Ulaya.

Gitala yake ankaichotsa chingwe chimodzi n'kutsala ndi zisanu, komabe akamaimba yekha zinkamveka ngati akuimba anthu angapo.

Imfa yake

Anamwalira ali ndi zaka pafupifupi 40. Donald anapitiriza maimbidwewa ndi kuphunzitsa achinyamata a kwa Singano mpaka pamene anamwalira mu 2001.