Mbusa John Chilembwe, munthu amene adakana thangata

Pa 3 Febuluwale chaka chilichonse dziko la Mozambique limakumbukira ngwazi zake, pakuti ndi tsiku limene a Eduardo Mondlane adaphedwa ndi bomba ku Dar es Salaam mu 1969. Pa tsiku lomwelo, mu 1915, munthu winanso wokana ulamuliro wa atsamunda adawomberedwa kufupi ndi malire a dziko lino, m'boma la Mulanje ku Nyasaland, kumene lero ndi ku Malawi. Munthuyo ndi Mbusa John Chilembwe. Ambiri mwa anthu a mpingo wawo adali Alomwe ochokera kuno ku Mozambique.

A Chilembwe adabadwa cha m'ma 1871 m'dera la Chiradzulu. Bambo awo adali Myao ndipo mayi awo adali Mmang'anja. Mu 1892 adalembedwa ntchito ya m'nyumba kwa mmishonale wa Chingerezi, a Joseph Booth, amene adayambitsa mishoni ku Mitsidi, kufupi ndi Blantyre. A Booth adali mzungu wosiyana ndi anzawo, chifukwa ankaphunzitsa poyera kuti Africa ndi ya anthu akuda. Mu 1897 adawatenga a Chilembwe kupita nawo ku America, kumene adakaphunzira zaubusa pa sukulu ya anthu akuda mumzinda wa Lynchburg, ku Virginia.

Atabwerera kwawo mu 1900, adatsegula mishoni yawo ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu, yotchedwa Providence Industrial Mission. Chithandizo chinkachokera ku mipingo ya Baptist ya anthu akuda a ku America. Pa nthawiyo a Chilembwe sankaganiza za nkhondo. Chikhulupiriro chawo chidali chakuti munthu wakuda akaphunzira, navala bwino, nalima mbewu zogulitsa, mzungu adzamupatsa ulemu. Adatsegula masukulu angapo m'midzi. Akazi awo, mayi Ida, ankaphunzitsa amayi kusoka. Pofika 1913 tchalitchi chachikulu cha njerwa chidali chitamangidwa ku Mbombwe.

Koma ulemuwo sudabwere. Pafupi ndi mishoniyo padali minda ikuluikulu ya thonje ndi fodya ya kampani ya A. L. Bruce, ku Magomero. Woyang'anira adali mzungu wodziwika ndi nkhanza, William Jervis Livingstone. Aliyense wokhala pa malo a kampaniyo ankayenera kugwira thangata, ndiko kuti kulima m'munda wa mzungu polipirira malo okhala ndi msonkho wa nyumba. Masiku a thangata ankawonjezedwa mpaka miyezi ingapo, makamaka nthawi ya dzinja, pamene munthu amafunika m'munda mwake. Wochedwa ankakwapulidwa ndi chikoti.

Amene ankavutika koposa ndi Alomwe aja. Iwo adathawa chibalo ndi msonkho wa Apwitikizi, ndipo ena adathawa njala ya cha m'ma 1912. Pokhala alendo, adalibe malo akeake oti aziti nga makolo awo. Akakana thangata ankathamangitsidwa, ndipo kobwerera kudali ku chibalo komwe adathawa. Anthu otere ndiwo adadzaza mpingo wa a Chilembwe. Koma kampaniyo sidalole sukulu kapena tchalitchi cha mpingowo pa malo ake, ndipo matchalitchi a udzu amene anthu adamanga adatenthedwa.

Mu 1914 kudabuka nkhondo yaikulu pakati pa Angerezi ndi Ajeremani. Mwezi wa Seputembala asilikali akuda adafa pa nkhondo ya ku Karonga, ndipo amuna ambiri ankagwidwa kukanyamula katundu. A Chilembwe adalemba kalata ku nyuzipepala ya Nyasaland Times. M'kalatamo adadandaula kuti anthu osauka akufera nkhondo ya eni chuma, kusiya amasiye opanda owasamala, pamene pa nthawi ya mtendere munthu wakuda sawerengedwa kanthu. Boma lidaletsa kalatayo, nkuyamba kukonza zowachotsa m'dzikomo.

Sukulu idalephera kusintha mitima ya atsamunda, kalata nayo idatsekedwa. Usiku wa Loweruka pa 23 Januwale 1915, anthu a Chilembwe adanyamula mikondo ndi mfuti zochepa. Gulu lina lidapita ku Magomero, kumene lidapha Livingstone ndi kumudula mutu. Azungu ena awiri aamuna adaphedwanso pa minda ya kampaniyo. Akazi ndi ana a azunguwo sadaphedwe, monga a Chilembwe adalamulira. Gulu lina lidapita ku Blantyre kukathyola nyumba ya zida ya kampani ya Mandala, koma lidangotengako mfuti zowerengeka. Lamulungu m'mawa a Chilembwe adalalikira ku Mbombwe, mutu wa Livingstone uli m'tchalitchimo. Patapita masiku awiri, mishoni ya Akatolika ya Nguludi idatenthedwa ndipo wansembe mmodzi adavulazidwa.

Kuukirako sikudafalikire. Mafumu ambiri adangokhala chete. Ku Ntcheu, moyandikana ndi Angónia, a Filipo Chinyama adasonkhanitsa anthu awo, koma boma lidadziwiratu ndipo gululo lidabalalika. Asilikali atafika ku Mbombwe adapeza anthu atathawa, ndipo adagumula tchalitchi cha njerwa chija ndi mabomba. A Chilembwe adalowera chakummawa, kulunjika malire a Mozambique, koma apolisi adawapeza asadawoloke. Mtembo wawo udaikidwa mwachinsinsi, n'chifukwa chake kwa zaka zambiri anthu ena ankakhulupirira kuti mbusayo adapulumuka. Anthu pafupifupi 40 adaweruzidwa kuti aphedwe, ndipo ena pafupifupi 300 adaponyedwa m'ndende.

Mpaka lero anthu amasiyana maganizo pa za mbusa amene adalola kukhetsa mwazi. Koma madandaulo ake adali oona, ndipo sadali a ku Nyasaland kokha. Patangopita zaka ziwiri, mu 1917, anthu a ku Báruè adaukira Apwitikizi pa zifukwa zofanana: chibalo cha pa msewu ndi kugwidwa kwa amuna kuti akathandize pa nkhondo yomweyo ya Ajeremani.

Mishoni ya ku Mbombwe idatsegulidwanso mu 1926 ndi a Dokotala Daniel Malikebu. Dziko la Malawi lidalandira ufulu wodzilamulira pa 6 Julayi 1964, ndipo la Mozambique pa 25 Juni 1975. Ku Malawi tsiku la 15 Januwale ndi lokumbukira a Chilembwe. Kuyambira mu 1997 nkhope yawo idayamba kuoneka pa ndalama za kwacha, zimene anthu a m'malire amagulira sopo ndi mchere pa misika ya Tsangano ndi Lizulu.