ROBERT BURNS: MLIMI AMENE AMAMKUMBUKIRA NDI MGONERO

Caka ndi caka, madzulo a pa 25 Januwale, anthu a ku Scotland, dziko la kumpoto kwa England kumene kunacokera David Livingstone, amasonkhana m'nyumba zao, m'mahotela ndi m'maholo kudya mgonero wokumbukira munthu mmodzi amene anamwalira zaka zoposa 200 zapitazo. Munthuyo anali mlimi wolima minda ya lendi, dzina lace Robert Burns, amene analemba ndakatulo ndi nyimbo m'cinenero ca anthu wamba. Ndiwo yaikulu pa mgonerowo ndi haggis, ndiye kuti zam'kati za nkhosa, ndipo cakumwa cace ndi wisiki. Kuti munthu amvetse cifukwa cace mtundu wathunthu umalemekeza mlakatuli wace ndi cakudya ca amphawi, ayenera kuyamba wamva mbiri ya moyo wace.

UBWANA WACE

Robert Burns anabadwa pa 25 Januwale m'caka ca 1759 m'mudzi wa Alloway, pafupi ndi tauni ya Ayr, m'kanyumba kadothi kofolera ndi udzu kamene atate ace, a William Burnes, anamanga ndi manja ao. Iye ndiye anali woyamba mwa ana asanu ndi awiri. Amai ace, a Agnes Broun, ankadziwa nyimbo zambiri za makolo ndipo ankaziimba pogwira nchito, pamene gogo wina wacibale, a Betty Davidson, ankasimbira anawo nthano za mfiti ndi mizukwa. Zimene mwanayo anamva kwa amai awiriwa zinamthandiza moyo wace wonse.

Ngakhale kuti anali osauka, a William Burnes anali munthu wokonda maphunziro. Iwo anagwirizana ndi anansi ao nalemba nchito mphunzitsi wacinyamata, John Murdoch, kuti aphunzitse ana ao kuwerenga ndi kulemba Cingelezi cabwino. Koma sukulu siinakhalitse. M'caka ca 1766 banjalo linasamukira ku munda wa Mount Oliphant, umene nthaka yace inali ya miyala ndi yosabala, ndipo popeza kunalibe ndalama zolembera anchito, ana omwewo ndiwo anali anchito. Pofika zaka 15 Robert ndiye anali wolima wamkulu pa mundapo, kutsata akavalo ndi pulawo m'mphepo ndi m'cisanu, cakudya cili copereweza. Nyimbo yace yoyamba anaipeka pa msinkhu womwewo, kupekera mtsikana amene anali kukolola naye m'munda.

M'caka ca 1777 anasamukiranso ku munda wina wochedwa Lochlea. Kumeneko kunabuka mlandu wa lendi pakati pa a William Burnes ndi mwini malo, ndipo mlanduwo unawatha mphamvu ndi ndalama zomwe. Iwo anamwalira mu Febuluwale 1784. Pamenepo Robert ndi mng'ono wace Gilbert anatenga munda wa Mossgiel, pafupi ndi mudzi wa Mauchline, kuti asunge amai ao ndi abale ao.

CAKA COBVUTA CA 1786

Ku Mossgiel ulimi sunayende bwino, koma ndakatulo zinayamba kutuluka ngati madzi a pa kasupe. Usana anali kulima, usiku anali kulemba. Analemba za mbewa imene pulawo yace inapasulira cisa nthawi ya cisanu ili pafupi, za kavalo wokalamba, za agalu awiri okambirana za moyo wa olemera ndi wa osauka, ndiponso za akulu a mpingo odziyesa oyera mtima. Zambiri anazilemba m'cinenero ca Scots, cimene anthu a m'midzi ankalankhula. Masiku amenewo ophunzira ambiri a mu mzinda wa Edinburgh ankacita naco manyazi cinenero cimeneci, nayesetsa kulankhula ndi kulemba ngati anthu a ku London, pakuti Scotland inali italumikizidwa ndi England pansi pa nyumba ya malamulo imodzi kuyambira m'caka ca 1707.

Pa nkhani ya akazi Burns anali wofooka, ndipo anthu a kwao sabisa zimenezi. Iye anakondana ndi Jean Armour, mwana wa mmisiri womanga ndi miyala wa ku Mauchline, ndipo Jean anatenga pakati. Atate a mtsikanayo anakana kwa mtu wa galu kuti mwana wao akwatiwe ndi mlimi wopanda kanthu, amenenso anali ataberekera kale mwana kwa wanchito wa pa nyumba. Mpingo unaimiritsa awiriwo pamaso pa anthu onse kuti adzudzulidwe. Pothedwa nzeru, Burns anabvomera nchito ya ukalaliki ku cilumba ca Jamaica, pa munda wa nzimbe umene unkalimidwa ndi akapolo. Cimeneci ndi cipsera pa mbiri ya munthu amene pambuyo pace anachuka poimba za kulingana kwa anthu onse.

Cimene cinamletsa ulendowo ndi buku. Pofuna ndalama za ulendo anapereka ndakatulo zace kwa wosindikiza wa ku Kilmarnock, John Wilson, ndipo pa 31 Julayi 1786 panatuluka mabuku 612, lililonse pa mtengo wa masheleni atatu. Patangopita milungu yowerengeka onse anali atagulidwa. Olemera anawerenga, anchito a m'minda nawonso anawerenga, pakuti anapezamo kalankhulidwe kao ndi mabvuto ao. Mu Sepitembala Jean anabala mapasa. Mu Novembala Burns analeka za Jamaica nakwera kavalo kulowera ku Edinburgh.

Mu mzindamo akuluakulu anamlandira m'nyumba zao, nazizwa kuona mlimi wolankhula mwanzeru cotero. M'masiku amenewa ndi m'mene ndakatulo yace yotamanda haggis inatuluka m'nyuzipepala, mu Disembala 1786. M'menemo iye anaseka anthu onyoza cakudya ca kwao pokhumbira zakudya za ku France ndi maiko ena, natama mphamvu za munthu wa kumudzi woleredwa ndi haggis. Buku lace linasindikizidwanso ku Edinburgh m'caka ca 1787 ndipo linampezetsa ndalama ndithu, zina mwa izo anapatsa Gilbert kuti munda wa banja usagwe. Komabe kutamandidwa konseko sikunampatse nchito yokhazikika.

MLIMI NDI WOKHOMETSA MSONKHO

M'caka ca 1788 anakwatira Jean Armour mwa lamulo natenga munda wa Ellisland, m'mbali mwa mtsinje wa Nith, pafupi ndi tauni ya Dumfries. Malowo anali okongola koma nthaka inali yotopa. Kuti adyetse banja, m'caka ca 1789 anayamba nchito ya boma yokhometsa msonkho pa mowa, fodya ndi katundu wina, pa malipiro a mapaundi 50 pa caka, ndipo ankayenda pa kavalo mamailosi ngati 200 pa mlungu. Munthu amene kale analemba ndakatulo zotamanda wisiki ndi zodandaula msonkho wace tsopano ndiye anali kuyesa migolo ya anzace. Ngakhale zinali conco, akulu a nchito anampeza wakhama ndi wokhulupirika. M'caka ca 1791 anasiya ulimi nakakhala m'tauni ya Dumfries.

Nchito imene anaikonda koposa m'zaka zimenezi inali ya nyimbo. Iye ankatola nyimbo zakale zimene zinali pafupi kuiwalika, zina kwa nkhalamba ndi oimba a m'midzi, nakonza mau ace kapena kupeka atsopano oyenerana ndi maimbidwe akalewo. Anatumiza nyimbo zoposa 300 kwa osindikiza awiri a ku Edinburgh, James Johnson ndi George Thomson, ndipo sanafune kulipidwa, poti anaiyesa nchito yotumikira dziko lace. Imodzi mwa izo ndi Auld Lang Syne, nyimbo yokumbukira mabwenzi akale, imene imaimbidwa m'maiko ambiri usiku wolowa caka catsopano.

Anali munthu wosabisa maganizo ace. Pamene anthu a ku France anagwetsa mfumu yao, iye anaonetsa kuti anali kumbali ya anthu wamba, ndipo kumapeto kwa caka ca 1792 akulu a nchito anafufuza ngati anali wokhulupirika ku boma. Poopera ana ace, analemba kalata yodzicepetsa, ndipo nchito inapulumuka.

IMFA YACE

Thanzi lace linayamba kufooka m'caka ca 1795. Caka cotsatira anamtumiza ku gombe la Solway kuti azikasamba m'madzi ozizira a m'nyanja, koma anabwerako wofooka koposa. Akali ku gombeko, analandira kalata yomkumbutsa ngongole ya zobvala zimene anasoketsa polowa gulu la asilikali odzipereka a m'tauniyo. Poopa ndende, analembera msuweni wace kupempha mapaundi 10, ndi George Thomson kupempha mapaundi 5. Anamwalira pa 21 Julayi 1796 ali ndi zaka 37. Tsiku la maliro, pa 25 Julayi, pamene khamu lalikulu linali kuperekeza mtembo ku manda a chalichi ca St Michael's, Jean anali kucira mwana wao wotsiriza, Maxwell.

Jean anabala ana asanu ndi anai, koma atatu okha ndiwo anakula. Analeranso mwana amene mwamuna wace anabereka kwa mkazi wina, ndipo anakhala wamasiye zaka 38 kufikira imfa yace m'caka ca 1834. Mmodzi mwa olemba mbiri ya Burns oyamba, Dr. James Currie, ananena kuti mowa ndiwo unamfupikitsa moyo, koma madokotala ambiri a pambuyo pace amakhulupirira kuti anafa ndi nthenda ya mtima imene inayamba ndi nchito yakalavula gaga ya pa ubwana.

MGONERO WA CIKUMBUTSO

Mu Julayi 1801, patapita zaka zisanu cimwalirire, amuna asanu ndi anai anakumana m'kanyumba ka ku Alloway, motsogozedwa ndi a Hamilton Paul, amene anali mlaliki. Anadya haggis ndi mutu wa nkhosa, nawerenga ndakatulo za bwenzi lao. Pambuyo pace mwambowo anausamutsira ku tsiku la kubadwa, limene poyamba ankaliyesa 29 Januwale, kufikira buku la mpingo litaonetsa kuti linali 25 Januwale.

Haggis amaikonza motere: amatenga mtima, ciwindi ndi mapapu a nkhosa, naziduladula tizidutswa, nasakaniza ndi phala louma la mbeu yochedwa oats, anyezi, mafuta a nyama, mcere ndi tsabola. Zonsezi amaziika m'cifu ca nkhosa, namanga, naphika m'madzi maola angapo. Imeneyi inali njira ya osauka yosataya kanthu pa ciweto. Amadyera pamodzi ndi mbatatesi zoponda ndi mizu yacikasu imene iwo amati neeps. Wisiki ndi mowa wocokera ku cimera ca balere, wocezedwa monga acitira kacasu, koma lamulo la kumeneko limafuna kuti ukhale m'migolo ya mtengo zaka zitatu kapena kuposerapo usanagulitsidwe.

Pa mgonerowo wophika amalowa ndi haggis pa mbale yaikulu, woimba citoliro ca thumba ali patsogolo, anthu onse ataimirira. Mmodzi amalakatula ndakatulo ija ya 1786, ndipo akafika pa ndime yonena za mpeni amang'amba cifuco nthunzi ili tolotolo, onse nakweza matambula a wisiki. Akatha kudya, wina amakamba za moyo wa mlakatuliyo, mwamuna wina amalankhula moseka za akazi, mkazi namyankha. Potsiriza onse amagwirana manja kuimba Auld Lang Syne.

M'caka ca 1815 mafupa a Burns anacotsedwa pa manda wamba naikidwa m'nyumba ya cikumbutso ya miyala m'manda omwewo a ku Dumfries, ndipo zoumba zace zinaimikidwa m'mizinda yakutali monga New York ndi Dunedin. Kanyumba ka ku Alloway kakali ciimire, ndipo alendo amapita kukaona cipinda cimene anabadwiramo mlimi amene m'masiku ace otsiriza anali kupempha mapaundi 10 kuti asafere m'ndende.