Dotolo Robert Laws, Amene Analemba Mawu a Mulungu m'Chinyanja

Munthu akafika pa Chembe, pamene Azungu amati Cape Maclear, apeza manda a atumiki a Mulungu amene anagona pamenepo m'zaka zoyamba za Mishoni ya Livingstonia. Ambiri poona mandawo ayesa kuti ntchito ya pamalopo inapita pachabe. Koma pa gombe lomwelo panayambika ntchito ina imene sinalowe m'manda, ndiyo ya kulemba chinenero chathu ndi kutembenuziramo Mawu a Mulungu. Mwezi uno tikumbutsane za munthu amene anaigwira, ndiye Dotolo Robert Laws.

Iye anabadwa pa 28 May 1851 m'mudzi waukulu wa Aberdeen, m'dziko la Scotland. Atate wake anali mmisiri wa matabwa, munthu wosalemera, ndipo mwanayo anaphunzira umisiri womwewo. Usana anali kupala matabwa, madzulo napita kusukulu. Ali mnyamata anawerenga za maulendo a David Livingstone, ndipo mtima wake unakhumba kupita kwa Amakololo. Chotero analimbika kufikira anatsiriza maphunziro a udotolo ndi a ubusa omwe, natumikiranso odwala nthomba m'chipatala cha ku Glasgow.

M'chaka cha 1875, ali wa zaka 24, ananyamuka pamodzi ndi anzake, mtsogoleri wawo ndiye E. D. Young. Anatenga sitima yaing'ono dzina lake Ilala, dzina la dziko limene Livingstone anaferako m'1873. Pofika pa mathithi a Shire anaimasula, ndipo anthu mazanamazana anasenza zidutswa zake kufikira kumtunda kwa mathithiwo, kumene anailumikizanso. Pa 12 October 1875 Ilala inalowa m'nyanja, ndipo mfumu Mponda atawalola, anamanga pa Chembe. Mpingo wake wa Laws unangombwereka kwa zaka ziwiri, koma anakhala m'dziko muno zaka 52.

Ntchito zake pa Chembe zinali zambiri. Anachiritsa odwala, anamanga nyumba, anaphunzitsa ana, nayendanso panyanja kukaona mafumu. M'chaka cha 1876 anachita opareshoni atagoneka wodwalayo ndi mankhwala, chinthu chimene anthu a kuno anali asanachionepo. Koma anazindikira kuti wolalikira kudzera mwa womasulira afanana ndi munthu womwa madzi m'manja mwa mnzake, pakuti ambiri atayikira pansi. Chifukwa chake anayamba kusonkhanitsa mawu a Chinyanja.

Taganizani kuvuta kwake. Ife lero titsegula buku ndi kupeza mawu ali okonzeka, koma kwa iye sizinali zophweka chotero. Anayenera kumva liwu pakamwa pa munthu, kulilemba monga khutu lalimvera, kufunsa wina ngati litanthauza chomwecho, ndi kulikonzanso akapeza kuti analakwa. Dzina la nkhafi kapena la khasu silivuta, pakuti chinthucho uchiloza ndi chala. Nanga chisomo, kulapa ndi chikhululukiro, munthu angaziloze bwanji? Mawu otere apezeka ndi iye yekha amene amvetsera anthu poweruza milandu, popepesana ndi polira maliro. Tsono tisaiwale kuti aphunzitsi ake anali anthu a m'dziko muno, asodzi, antchito ndi ana a sukulu, amene anamuuza mawu namwongola polakwa. Mnzake wa pa mishoni yomweyo, Alexander Riddel, nayenso analemba buku la malamulo a Chinyanja, limene linatuluka m'1880.

Masiku amenewo anali a misozi. Malungo anamgwira Laws kawirikawiri. M'1877 anamwalira Dotolo William Black, ndi Shadrach Mngunana, mphunzitsi wochokera ku Lovedale, ndipo pambuyo pake anatsatira ena. Kuyambira nthawi imeneyo katundu wa kutsogolera mishoni unagwera Laws. M'1879 anakwatira Margaret Gray ku Blantyre, ndipo mayiyo anakhala mthandizi wake pa sukulu ndi pa zolemba. Mwa ana amene anawabadwira, mmodzi yekha, Amelia, ndiye anakula. Ngakhale zinali zotero cholembera sichinagone, ndipo Uthenga Wabwino wa Marko, wa mitu 16, ndiwo unayamba kutha.

Pa 27 March 1881 Albert Namalambe anabatizidwa, woyamba wa onse pa mishoniyo. Chaka chomwecho anasamukira ku Bandawe, pakati pa Atonga, chifukwa cha matenda a pa Chembe, nasiya Namalambe kuti asunge malowo. Ena kwawo anawerenga chuma chimene chinatha, manda asanu ndi wobatizidwa mmodzi, nayesa kuti zonse zalephera.

Apa ndipo taona mtima wa munthuyu. Ku Bandawe anapeza chinenero china choti aphunzire, ndi ntchito ya kwa Angoni a M'mbelwa inali kumdikira. Akadasiya Chinyanja palibe akadamtsutsa, pakuti anthu ake anali atatsala kumwera. Koma anapitiriza buku ndi buku kufikira Chipangano Chatsopano chonse chinatha, ndipo chinasindikizidwa ku Scotland m'chaka cha 1886, patapita zaka 11 chifikire iye panyanja. M'1894 anatulutsanso buku lomasulira mawu a Chingerezi m'Chinyanja, chaka chomwe anakwera phiri la Khondowe kukayamba sukulu yaikulu ya Overtoun.

Tiwerenge pang'ono, abale. Chipangano Chatsopano chili ndi mabuku 27, mitu 260, ndi ndime pafupifupi 8,000. Munthu poyang'ana mulu wonsewo afooka asanayambe. Koma mukagawa ndime zimenezo pa masiku a zaka 11, mupeza kuti ndi ndime ziwiri zokha pa tsiku. Akulu ananena zoona kuti pang'onopang'ono ndi mtolo. Ntchito yaikulu sifuna munthu wopanda zochita, koma munthu wobwerera pomwe analekera dzulo.

Chipangano cha Laws sichinakhale chotsiriza. M'1900 mamishoni anagwirizana kukonza Baibulo limodzi la onse olankhula Chinyanja, ndipo W. H. Murray wa Mishoni ya Dutch anasenza katundu wamkulu wa ntchitoyo kufikira Buku Lopatulika linatuluka m'1922. Wolambula njira sadandaula poona anzake aikuza, pakuti anailambulira kuti anthu apitemo. Laws anaona kukhazikika kwa Mpingo wa C.C.A.P. m'1924, nakhala wapampando woyamba wa Sinodi yake. Mkazi wake anali atamwalira m'1921. Iye anachoka m'dziko muno m'1927, ndipo mu ukalamba wake analembanso buku la zimene anakumbukira za Livingstonia. Anamwalira ku London pa 6 August 1934, naikidwa kwawo ku Aberdeen.

Nanga ife, amene tinalandira kuwerenga ndi kulemba, tichita nazo chiyani? M'midzi mwathu muli nkhalamba zodziwa kumene mtundu wathu unachokera, mayina a mafumu akale, ndi mmene Mpingo unafikira kwathu. Zikamwalira, zonsezo zipita nazo. Samuel Ntara, mphunzitsi wa Mishoni ya Nkhoma, anaonetsa kuti mwana wa dziko lino akhoza kulemba buku, pamene nkhani yake ya Nthondo inatuluka m'1933. Ambiri a ife tiyamba ndi changu, tilemba masamba atatu, ndipo pofika nyengo yolima kapena ya usipa buku liiwalika pa tsindwi, chiswe nichidya.

Tsono musadikire tsiku lopanda ntchito, pakuti silidzafika. Sankhani nthawi yanu, kaya m'mamawa musanapite kumunda, kaya madzulo mutayanika makoka, ndipo lembani mizere iwiri kapena itatu. Mukadwala kapena kugwa maliro, nimulekeza sabata lathunthu, musachite manyazi kubwererako. Muwerengereni mnzanu zimene mwalemba, ndipo akakuwongolani musapse mtima. Mulungu amene analimbitsa mtumiki wake pa Chembe alimbitse inunso manja.