Inkosi Gomani Chikuse ndi Chishango cha Ngoma

Gomani anabadwira m'nyumba yachifumu imene chuma chake chinkabwera ndi nthungo. Agogo ake, Mputa Maseko, anafera kutali ku Songea, ndipo Chidyaonga ndiye anabweza mtundu kudzakhazikika pa phiri la Domwe cha m'ma 1870. Bambo ake, Chikuse, anatumiza ankhondo mu 1884 amene anaoloka Shire nakwera kumtunda mpaka kufupi ndi mishoni ya Blantyre. Ayao ndi Amang'anja anathawira m'mapiri. Amene liwiro linawachepera anatengedwa kupita ku Domwe pamodzi ndi ziweto zawo.

Zofunkha za Angoni zinali ziwiri makamaka: ng'ombe ndi anthu. Sanazigobe pamwala kapena kuzijambula pakhoma, koma anaziika m'gule. Chishango chimene wovina ngoma amakweza m'mwamba ndi chikopa cha ng'ombe, chuma chomwe ankhondo ankakusa pobwerera kwawo. Chibonga, nthungo, nthenga za kumutu, kupondaponda kogwedeza nthaka ndi nthungululu za amayi zimasimba za gulu lobwerako litapambana. Ogwidwa aja ngoma siwaonetsa ali m'zingwe, komabe ali momwemo. Ana awo anakula ngati Angoni, nanyamula zishango iwonso, ndipo chilankhulo cha amayi awo chinameza Chingoni. N'chifukwa chake lero nyimbo zambiri za ngoma zimamveka m'Chichewa, ndipo pabwalo limodzi pamavina mdzukulu wa wofunkha ndi mdzukulu wa wofunkhidwa.

Chikuse atamwalira mu 1891, Gomani analowa ufumu wogawanika. Anamenyana ndi Kachindamoto, mwana wa Chifisi, mpaka uyo anakakhazikika kunyanja cha ku Mtakataka. Koma mdani wamkulu anali ku Zomba. Boma la Angerezi linkafuna msonkho wa nyumba, ndipo minda ya azungu kutsidya lino la Shire inkakoka anyamata amene kale akanakhala ankhondo a mfumu. Kwa Gomani uku kunali kulandidwa anthu popanda nkhondo.

Mu Okutobala 1896 ankhondo ake anaukira midzi yozungulira mishoni ya Zambezi Industrial Mission ku Dombole. Asilikali a boma anakwera ndi mfuti, ndipo zishango za chikopa sizikanatchinga chipolopolo. Gomani anagwidwa, naphedwa pa 27 Okutobala 1896, atalamulira zaka zisanu zokha. Mwana wake Zitonga, wodziwika ndi dzina la Philip Gomani II, anali wamng'ono. Anadzavekedwa ufumu mu 1921.

Kufunkha kunathera pomwepo. Angoni ambiri anatsikira kuminda ya azungu atanyamula khasu m'malo mwa nthungo, ndipo ku Thyolo, kuchokera kwa Inkosi Bvumbwe mpaka kuminda ya tiyi ya cha kwa Changata, akhala moyandikana ndi Alhomwe ndi Amang'anja, kukwatirana ndi kuikana maliro. Ngoma yokha sinatule zida. Chaka ndi chaka pa Umhlangano wa Maseko, magulu ovina amasonkhana ku Nkolimbo m'boma la Ntcheu, pamene pali manda a Gomani, ndipo amaponda pansi ndi zishango m'manja pamaso pa Inkosi ya Makosi yokhala pampando wake.