Sophie Scholl, wophunzira amene anatsutsa Hitler ndi timapepala

M'mwezi wa May 1942, mtsikana wa zaka 21 anatsika sitima mumzinda wa Munich ku Germany kudzayamba maphunziro a sayansi ya zamoyo ndi filosofe pa yunivesite. Dzina lake linali Sophie Scholl. Sanakwanitse chaka pasukulupo.

Sophie anabadwa pa 9 May 1921 ku Forchtenberg, komwe bambo ake, a Robert Scholl, anali meya, ndipo anakulira ku Ulm. Ali wamng'ono analowa m'gulu la atsikana la chipani cha Nazi, mosangalala ndithu, ngakhale bambo ake ankadana ndi ulamuliro wa Adolf Hitler. Mtima wake unayamba kutembenuka mu 1937, apolisi achinsinsi a Gestapo atamanga mchimwene wake Hans chifukwa chokhala m'gulu la achinyamata lomwe boma linaletsa.

Njira ya ku yunivesite inali yokhotakhota. Lamulo linkafuna kuti wachinyamata ayambe wagwirira ntchito boma. Pofuna kuzemba, Sophie anaphunzira uphunzitsi wa sukulu ya mkaka, koma sizinamupulumutse: mu 1941 anamutumizabe kukampu ya ntchito, komwe ankawerenga mabuku a Augustine mobisa.

Ku Munich moyo wake unali wa wophunzira wamba. Ankakonda kujambula, nyimbo ndi kukwera mapiri, ndipo madzulo ankacheza ndi Hans ndi anzake ophunzira udokotala. Koma nkhawa sizinkamuchoka. Mu 1942 bambo ake anatsekeredwa m'ndende chifukwa chonyoza Hitler, ndipo tchuthi cha chaka chomwecho iye anachithera m'fakitale ku Ulm, kugwira ntchito yothandiza nkhondo imene ankaida. Chopweteka kwambiri chinali chakuti bwenzi lake, Fritz Hartnagel, anali msilikali wa nkhondo yomweyo. M'makalata awo ankatsutsana kawirikawiri za kumvera lamulo ndi chikumbumtima, ndipo kumapeto kwa 1942 Fritz anali m'gulu la asilikali ozingidwa ku Stalingrad.

Hans ndi Alexander Schmorell ndi amene anayamba kulemba timapepala ta gulu lotchedwa White Rose, kutanthauza duwa loyera. Timapepalato tinkaulula za kuphedwa kwa Ayuda ku Poland ndi kupempha anthu kuti asagwirizane ndi boma. Sophie atalowa m'gululo anatenga ntchito yooneka yaing'ono koma yoopsa: kugula mapepala, maenivulopu ndi masitampa, zinthu zomwe pa nthawi ya nkhondo wogula zambiri ankakayikiridwa nazo. Mu January 1943 ananyamula timapepala pa sitima kukatitumiza kuchokera ku Augsburg ndi mizinda ina, kuti apolisi aziganiza kuti gululo ndi lalikulu.

Pa 18 February 1943, Sophie ndi Hans analowa m'nyumba ya yunivesite ndi sutikesi yodzaza ndi kapepala kachisanu ndi chimodzi, kolembedwa ndi mphunzitsi wawo Kurt Huber. Anaika milu ya timapepala m'makonde ophunzira ali m'kalasi. Atatsala pang'ono kutuluka, Sophie anakankha mulu wina kuchokera pamwamba, timapepala n'kumwazikira pansi. Wosamalira nyumbayo, Jakob Schmid, anawaona ndipo anawagwira.

Powafunsa, Sophie anayamba wakana. Atamva kuti Hans wavomera, nayenso anavomera, n'kuyesetsa kusenza mlandu kuti anzawo apulumuke. Pa 22 February woweruza Roland Freisler anagamula kuti Sophie, Hans ndi Christoph Probst, bambo wa ana atatu, aphedwe. Mlandu unatenga maola ochepa chabe, ndipo madzulo a tsiku lomwelo atatuwo anadulidwa mitu m'ndende ya Stadelheim. Schmorell, Huber ndi Willi Graf anaphedwa chaka chomwecho.

Kapepala komaliza kaja kanazembetsedwa mpaka ku Britain, ndipo pakati pa 1943 ndege zankhondo za Britain zinamwaza makope ake ochuluka m'dziko la Germany. Fritz Hartnagel anapulumuka kunkhondo, anakwatira Elisabeth, mkulu wake wa Sophie, ndipo pambuyo pake anakhala woweruza milandu.