Alexander Fleming ndi Chenjezo Lake

Alexander Fleming adabadwa pa 6 Ogasiti 1881 pafupi ndi tauni ya Darvel m'dziko la Scotland. Makolo ake adali alimi. Bambo wake adamwalira iye ali ndi zaka 7 zokha. Atasinkhuka adapita ku London kumene adagwira ntchito ya ukalaliki zaka zinayi. M'chaka cha 1901 adayamba maphunziro a udokotala pa chipatala cha St Mary's, ndipo atatsiriza adakhala pomwepo nafufuza za tizirombo toyambitsa matenda totchedwa mabakiteriya.

Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, Fleming adatumikira m'zipatala za asilikali ku France. Kumeneko adaona anyamata ambiri akufa chifukwa cha mabala onyeka. Mankhwala otsukira mabala a masiku amenewo ankaononga thupi koposa tizirombo tobisala m'kati mwa bala. Zimenezi zidamuŵaŵa mumtima, choncho adayamba kufunafuna mankhwala opha tizirombo koma osapweteka wodwala.

Mu Seputembala 1928, pobwera kutchuthi, Fleming adapeza kuti kambale kena momwe ankaŵetera tizirombo kachita chuku. Munthu wina akadangokatsuka, koma iye adakayang'anitsitsa. Adaona kuti tizirombo tonse toyandikana ndi chukucho tidali titafa. Adazindikira kuti chukucho chinkatulutsa madzi ena akupha, ndipo madziwo adaŵatcha penisilini. Polemba za ntchitoyi mu 1929, adafotokoza kuti penisilini sapha tizirombo ta mitundu yonse. Pakati pa tizirombo tosamva mankhwalaŵa adatchulapo enterococcus, kamene kamakhala m'matumbo a anthu ndi a nyama.

Fleming sadathe kupanga penisilini wokwanira kuchiza odwala. Ntchito imeneyi adaipitiriza ndi Howard Florey ndi Ernst Chain a ku Oxford, amene adayesa mankhwalaŵa pa mbeŵa mu 1940, kenaka pa anthu mu 1941. Anthu ochuluka amene akadafa ndi chibayo kapena mabala adachira. Mu 1945 amuna atatuŵa adalandira mphoto ya Nobel.

Polandira ulemuwo Fleming adachenjeza dziko lonse. Iye adali ataona kuti tizirombo tikalandira mankhwala ochepa, tofooka tokha ndito timafa. Tolimba timatsala ndi kuswana, kotero kuti patapita nthaŵi mankhwala aja sagwiranso ntchito. Adadera nkhaŵa kuti anthu adzayamba kudzigulira okha penisilini ndi kumwa mosakwanira, nafalitsa tizirombo tosamva mankhwala kwa abale ao.

Fleming adamwalira pa 11 Malichi 1955 ndipo adaikidwa m'tchalitchi chachikulu cha St Paul's ku London. Mau a akuluakulu akoma akagonera. Zimene iye adaopa zidachitikadi, ndipo enterococcus ndi chitsanzo chake. Kachirombo kameneka kakakhala m'matumbo sikavuta, koma kakaloŵa m'chikhodzodzo, m'bala, m'magazi kapena mumtima kamadwalitsa, makamaka anthu ofooka amene agona nthaŵi yaitali m'chipatala. Pamene mankhwala ena alephera, madokotala ankadalira mankhwala amphamvu otchedwa vancomycin. Koma mu 1986, ku England ndi ku France, kudapezeka enterococcus wosamva ngakhale vancomycin yemweyo. Mu 2017 bungwe la World Health Organization lidaika kachirombo kameneka pa mndandanda wa tizirombo tofunika mankhwala atsopano msanga.

Moyo wa Fleming uphunzitsa kuti mankhwala ndi chuma chofunika kuchisamala. Wodwala ayenera kumwa mankhwala opha tizirombo pokhapokha atauzidwa ndi a chipatala, ndiponso kutsata bwino muyeso ndi masiku amene amuuza. Asagaŵire mnzake mankhwala ake, ndipo asagule makapisozi kwa ogulitsa pamsika.

MAFUNSO

1. Kodi Fleming adabadwira kuti ndipo m'chaka chiti?
2. Nchiyani chidamuŵaŵa mumtima pa nthaŵi ya nkhondo?
3. Fotokozani m'mene iye adatulukirira penisilini.
4. Kodi tizirombo timasiya bwanji kumva mankhwala?
5. Kodi mwambi wakuti mau a akuluakulu akoma akagonera ukugwirizana bwanji ndi nkhaniyi?